ANambewe ndi Khasu la ku Chitengwa

ANambewe tinawagoneka m'manda chaka chino, nthawi yokumba nshawa, ndipo mpaka lero anthu akukambabe za maliro awo. Si chifukwa cha bokosi ayi, bokosi linali la matabwa wamba. Chimene chinadabwitsa anthu n'chakuti mbali ino kunali amayi a mpingo, ali mbuu ndi mayunifolomu awo, akuimba nyimbo za kutchalitchi, pamene okumba manda ndi kunyamula bokosi anali amuna a kudambwe, eni gule, anthu amene pakhomo la tchalitchi sapondapo. Kuno ku Pembamoyo magulu awiriwa amapatsana moni, amabwerekana mchere, koma pamaliro aliyense amakhala kwa ake. Tsiku limenelo anakhala mosakanikirana, ndipo palibe anafunsa mnzake kuti wadzatani.

Ine ndine Lameki. ANambewe anandiphunzitsa ndili kamwana ka mamina, ndipo nditamaliza kosi ndinabwerera kudzaphunzitsa nawo pa kasukulu komweko, mkati mwa midzi, kumene msewu umasanduka mtsinje mvula ikagwa. Pamaso pa ana ankanditchula kuti aphunzitsi. Tikatsala awiri ndinali "iwe Lameki" mpaka imvi zinayamba kundimera. Choncho ndikanena kuti mayi amenewa anali ovuta, musati ndikunyoza womwalira. Anali ovuta ndithu, ndipo ndinkawakonda ngati mayi anga ondibala.

Njinga yawo inali yachimuna, yakuda, yopanda belu, chifukwa pakamwa pawo pankakwanira. Ankapalasa atakunga chitenje, ambulera atamangirira kumbuyo ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Pamfundo ya chitenjecho sipankasowa nshawa zokazinga. Mwana akayankha bwino ankalandira, akalakwa ankalandiranso, koma atamva kaye mawu. Mwana aliyense ankamudziwa ndi amayi ake ndi agogo ake omwe, moti ukachita mwano sankafuna chikoti. Ankangokufunsa ngati zimenezo unaziphunzira kwa agogo ako auje, iwe n'kufota pomwepo. Koma kuimba, mayo ine! Mumpingo monse munalibe wokonda nyimbo kuposa iwo, chikhalirecho mawu awo ankayenda njira yawoyawo. Amayi a kwaya ankawaika kumapeto kwa mzere, pafupi ndi zenera, ati kuti azipitidwa kamphepo. Eni akewo ankadziwa bwino chifukwa chake, ndipo ankakweza mawu dala.

Ankakonda kunena kuti mwana amene sanaonepo kanthu savuta kumunamiza, ndiponso kuti agalu a michombo aja amawaona ndi woyenda, osati womvera kwa anzake. Mawu oti "ana akumudzi" ankadana nawo koopsa. Ukawatchula pamaso pawo ankakudula pakamwa, ati mwana ndi mwana basi, kumudzi ndi kumene amagona chabe. Apa ndi pamene panachokera mkangano umodzi umene anaunyamula zaka zawo zonse zomaliza, wofuna kuti ana athu nawonso akaone myuziyamu.

Kwa inu amene simukudziwa, kumzinda kuli nyumba yaikulu yosungiramo zinthu zamakedzana, ndiyo myuziyamuyo. Eni ake anali ndi pulogalamu yabwino ndithu. Chaka ndi chaka ankatumiza basi kuno ku Chadiza kudzatenga ana a pulayimale, kukawaonetsa zinthuzo, kuwaphunzitsa kujambula ndi kuumba, kuwagoneka komweko, n'kuwabweza, popanda kholo kulipira kanthu. Koma basiyo inkaima pa boma n'kunyamula ana a masukulu a pa boma pomwepo. Chaka chotsatira, omwewo. Ife kuno, ndi anzathu a ku Zemba, tinkangomva mbiri. Ukafunsa, yankho linali limodzi losasintha: msewu.

Zinayamba ndi mpira. Ana athu anapita kukasewera pa boma, anapambana, koma anabwerako ali ndwii ngati agonja. M'mawa mwake kamtsikana ka giredi 4, Misozi, kanatukula mkono phunziro lisanayambe. Ine ndinali pakhomo la kalasi, ndinabwera kudzabwereka choko.

"Madamu, kodi n'zoona kuti kuli nyumba imene amatsekera makasu m'magalasi, osalimira? Ana a pa boma amatiseka, ati ife ndi mbuli, palibe chimene tinaona."

ANambewe, munthu amene sankasowa yankho kwa wina aliyense, tsiku limenelo anagwidwa kakasi, chifukwa iwonso anali asanalowemo m'myuziyamu chibadwire. Anangoti, "Ndikakufunsira, mwanawe." Poweruka anandikoka malaya kuseri kwa kalasi.

"Iwe Lameki, mwana wandifunsa, ine zii. Zaka zonsezi ndakhala ndikuphunzitsa ana zithunzi za m'buku, inenso ndili mbuli yomweyo. Iyi sindiisiya."

Woyamba kumva kutentha kwake anali ahedi athu, aSakala. Awiriwa anakangana chiyambire kugwira ntchito limodzi mpaka onse anapuma, ndipo pamaliro paja amene analira mpaka kugwiriridwa anali aSakala omwewo. Sanali munthu woipa, ankangoopa manyazi kuposa njoka.

"Amayi, kodi basi ija mukufuna iuluke?" anatero aSakala. "Matope ofika m'mawondo. Komanso ana athu ambiri alibe nsapato, tikawachititse manyazi kumzinda?"

"Ahedi, feteleza amafika bwanji kuno? Ogula thonje amafika bwanji? Nthawi ya mavoti magalimoto aja amamera mapiko? Msewu uno umaipa pokhapokha nkhani ikakhala ya ana. Ndipo za nsapatozo, kumeneko akaonera maso, osati mapazi."

ANambewe anapalasa njinga kupita pa boma kangati, sindinawerenge. Ankabwerako ndi mayankho aulemu, oti tiona, oti chaka chamawa. Kenaka pa umodzi mwa maulendo amenewo anamva kuti anthu a ku myuziyamu akufunafuna zida zakale zaulimi kuti akonze chionetsero. Anabwerako maso akuwala. Anati ngati basi singabwerere ana, galimoto ibwerera zinthu, ndipo ikangofika kamodzi bodza la msewu latha.

Anayamba kuyenda khomo ndi khomo kupempha zinthu zakale. Anthu anatulutsa nsupa, zipande, misampha ya mbewa, kansalu ka khungwa la mtengo kamene njenjete zinasiyako. Koma aliyense ankawauza kuti chinthu chenicheni chili kwa aMiti, agogo ake a Misozi yemwe uja. Tsono aMiti anali mkulu wa kudambwe, ndipo mayi wa mpingo wovala yunifolomu sankayembekezeka kukakhala pamphasa pakhomo pawo. ANambewe anapita masana dzuwa lili pamutu, aliyense akuona, ine ndili pambuyo ngati mchira.

AMiti anamvetsera nkhani yonse osaphethira. Kenaka analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi kathumba kakuda ndi mwaye. M'katimo munali kakhasu kotha, kotsala ngati chikhatho.

"Ili analisula ndi amalume awo a amayi anga," anatero. "Chitsulo chake n'cha m'ng'anjo, si cha m'sitolo. Amayi analimira mpaka linafika apa. Ife tonse tinakulira khasu limeneli. Ndiye mukuti ndilipereke kwa anthu osawadziwa, kuti likatani?"

"Likatsegulire ana njira, aMiti."

"Nanga akatenga n'kupita osabweranso?"

"Misozi adzapita kukaliona ndi maso ake asanachoke m'manja mwanga. Ndanena ine."

AMiti anaika kathumbako pamphasa, pafupi ndi mapazi awo. "Mwanena ndinu," anatero.

ASakala atamva anagwira kumutu, ati amayi inu, lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane, mukulonjeza basi ya eni ake ngati njinga yanu? Lamulungu lotsatira akulu a mpingo anaitanira aNambewe kuseri kwa tchalitchi kuti afotokoze zimene ankafuna kwa anthu a gule. Yankho lawo linazungulira midzi yonse lisanathe tsiku.

"Sindinapite kukavina, ndi miyendo iyi? Ndinapita kwa agogo a mwana amene ndimamuphunzitsa. Ngati ana a kudambwe ndi oletsedwa, ndiuzeni ndikawatulutse m'kalasi mawa, atsale anu okha, tione ngati angakwane timu ya mpira."

Akuluwo anatsokomola, mmodzi anatseka ndi pemphero, nkhani n'kuthera pomwepo.

Galimoto ya ku myuziyamu inabweradi, pamsewu womwe uja. Munali mayi wachitsikana, waulemu kwambiri. Anagwada popereka moni, anafunsa mwini chinthu aliyense ngati akuvomera ndi mtima wonse, anafunsa mbiri ya chinthu chilichonse. Khasu la aMiti analilandira ndi manja awiri. ANambewe anadikira mpaka zonse zitapakidwa, ndiye anafunsa za basi. Mayi uja anagwetsa nkhope. Anati masukulu sasankha ndi iye, koma akanena, mwina chaka chamawa. Galimoto inanyamuka, ana akuithamangira n'kumabayibitsa. ANambewe anaima pamsewu manja ali m'chiuno.

"Taona, Lameki. Misampha ya mbewa yakwera galimoto, ana atsala."

Chaka chamawa chija chinafika, basi inaima pa boma. Chinzake chinafika, chimodzimodzi. Misozi analowa giredi 7, chaka chake chomaliza m'manja mwa aNambewe, ndipo pulogalamuyo inali ya ana a pulayimale okha. Akanaphonya ulendo wa chaka chimenecho, basi, kwatha. AMiti sanakalipe ngakhale tsiku limodzi, ndipo bola akanakalipa. Akakumana panjira ankavula chipewa, kupereka moni wonse bwinobwino, kenaka n'kufunsa mofatsa kuti, "Nanga khasu lathu likudya bwino kumeneko?" ANambewe, amene sankaopa hedi kapena mkulu wa mpingo, anayamba kuzungulira njira yakudimba pothawa moni umenewo. Anaonda. Nshawa pamfundo zinayamba kuiwalika. Zinkandipweteka kuwaona choncho, ndipo ndinawauza kuti angopita kukapepesa, aMiti ndi munthu, amva. Anandiyang'ana ngati ndatukwana.

"Ndikapepese kwa aMiti, nanga kwa mwana ndikanene chiyani? Kuti akulu amangolankhula?"

Tsiku la basi litayandikira anandiuza kuti ndipope njinga, ndidzanyamula Misozi. Tinanyamuka m'mamawa, ine ndi mwana, aMiti pa njinga yawo, aNambewe patsogolo. Ndinaona kuti avala nsapato zatsopano ndipo kumbuyo amangirira kachikwama pamodzi ndi ambulera. Sindinafunse. Ndinadziwa kuti mumtima mwawo akonzeka kuti mwina lero n'kukalowa m'nyumba imene anailota zaka zonsezi.

Tinapeza basi itadzaza kale, ana a pa boma akusuzumira m'mazenera, makolo ali mbali iyi, amayi a pamsika akuonerera. Mayi wachitsikana uja analipo, pamodzi ndi bambo wina wa tayi, wathupi, amene anali mkulu wa ulendowo. Ine ndinkayembekeza phokoso, ndipo ndinali nditayamba kale kuyang'ana kothawira. Koma aNambewe anatsamiritsa njinga, anamasula chitenje chapamwamba, n'kuchiyala pansi pakhomo penipeni pa basi. Anakhala n'kutambalala. AMiti anavula chipewa n'kukhala pambali pawo. Onse awiri anayamba kuomba m'manja pang'onopang'ono, monga amachitira anthu obwera ndi nkhani ya banja.

"Zikomo, zikomo, eni basi."

"Amayi, mwatseka khomo, tikuchedwa," anatero bambo wa tayi uja. Chichewa chake chinali chakwathu konkuno.

"Sitikuchedwetsani, bambo. Tabwera ndi nkhani ya ukwati."

"Ukwati wa yani?"

"Zaka zapitazi anthu anu anabwera kwathu. Anagwada bwinobwino, anapempha mwana wa m'nyumba ya aMiti awa, khasu la amayi awo. Ife tinavomera, iwo anamutenga chitengwa, kupita naye kwawo. Chichokere tsiku limenelo palibe mbale amene waona khomo limene akukhala. Kaya akudya, kaya akugona panja, sitikudziwa. Ndiye ndati ndifunse, poti ndikumva kuti inu ndinu mwana wa Achewa. Kodi kwanu, mkazi akatengedwa chitengwa, abale ake amaletsedwa kukamuona?"

Amayi a pamsika anati gwaa kuseka. Bambo uja anasekanso, koma atayang'ana nkhope ya aMiti kuseka kunathera pakhosi. Anayamba kufotokoza za dongosolo, kuti masukulu amasankhidwa kale, kuti misewu ina basi singadutse. ANambewe sanamudule, chinthu chimene ine ndinali ndisanachionepo. Atatha, anayankha ndi aMiti, osakweza mawu.

"Palibe mlandu, bambo. Ngati abale saloledwa, tibwezereni mwana wathu, ukwati uthe. Galimoto imene inadzamutenga njira ikuidziwa."

Mayi wachitsikana uja ananong'oneza kanthu m'khutu la mkulu wake, misozi ili m'maso. Bambo uja anayang'ana basi, anayang'ana Misozi amene anaima pambali panga atafumbata kathumba ka zovala, anayang'ana akulu awiri okhala pafumbi. Ndiye anakweza buluku pang'ono n'kunyonyomala patsogolo pawo, tayi ikukhudza pansi, n'kuomba m'manja.

"Amayi, abambo, mwatigwira pakhosi. Ife akamwini tachita mwano. Inenso mkazi wanga ndinamutenga chitengwa, ndipo ndikanati ndiletse alamu anga kudzamuona, bwenzi pano ndili mbeta."

Anati lero basi yadzaza, koma kumbuyo angapeze malo awiri, a mwana ndi a mphunzitsi wake. Anatinso nkhani yoti basi izizungulira madera aitenga yekha, ndipo ikakanika adzabwera kudzanena ndi pakamwa pake. Amayi a pamsika analuluta. Misozi analumphira m'basi osatsanzika n'komwe. Ine ndinamasula kachikwama kaja pa njinga n'kuwapatsa aNambewe, mtima wanga uli myaa.

Anakalandira, anatsegula, anatulutsamo kathumba ka nshawa n'kukaika m'manja mwa aMiti.

"Kwerani, aMiti."

"Ine? Ndi zovala izi? Anena kuti mphunzitsi."

"Mwanayu amusamala aphunzitsi achizimayi ali m'katimo, ndawaona. Inu kwerani mukaone kumene akukhala mwana wanu."

Ndinawanong'oneza kuti madamu, malowo ndi anu, mwawavutikira ndinu. Anandibaya ndi chigongono m'nthiti.

"Iwe Lameki, usandiphunzitse mwambo. Tanena pamaso pa anthu kuti abale akaone. Ine ndine mbale wa khasu? Ine ndangoperekeza."

AMiti anakwera, chipewa chili m'manja. Basi itapita, njinga yawo tinaisungitsa kwa mnzanga pa boma, ife n'kuuyamba wobwerera. ANambewe sanakwere njinga. Anaikankha mtunda wautali, ine ndikukankha yanga pambuyo. Titafika pa kamtsinje anakhala pamwala, anavula nsapato zatsopano zija, ati zikuluma, n'kuzimangirira kumbuyo. Anapukuta m'maso ndi chitenje n'kunena kuti fumbi la pa boma ndi loipa. Kenaka anakwera, n'kuyamba nyimbo ya kutchalitchi ndi mawu awo okhota aja, mpaka ng'ombe za m'mbali mwa njira zinatukula mitu. Ine sindinasekepo tsiku limenelo, ndinkangoimba nawo.

Kwathu kuno munthu akabwera ku ulendo sangolowa m'nyumba. Amakhala pansi n'kupereka malonje, kufotokoza mmene ananyamukira, zimene anaona, mmene anasiyira anthu kumeneko, ndipo womulandira amavomera chiganizo chilichonse kuti wolankhulayo adziwe kuti mawu ake agwera pamalo. AMiti ndi Misozi atabwerako, asanapite n'kwawo komwe, anakhotera kunyumba kwa aNambewe. Anakhala pakhonde, eni nyumba pa kampando kawo, ife ena titaunjikana pabwalo.

"Tinayenda bwino," anayamba aMiti.

"Eya."

"Nyumba tinaipeza. Ndi yaikulu, yosadontha."

"Eya."

"Mwana wathu tinamuona. Amugoneka pansalu yofiira, m'galasi, yekha. Pansi pake alemba dzina la amayi anga ndi mudzi wathu. Wandiwerengera ndi uyu." Analoza Misozi. "Ndinagwada, ndinaomba m'manja, anthu akundiyang'ana. Koma chimodzi chandinyansa. Alivula mpini. Khasu lopanda mpini anthu adziwa bwanji kuti linkalima? Ndawauza kuti ndisema ndiwatumizire."

"Eya! Mwawauza bwino."

Kenaka inafika nthawi ya Misozi, ndipo mwana uja analankhula mpaka pakhosi panauma. Za bwato lalitali kuposa kalasi yathu, za mafupa, za mikanda, za mphika umene anaumba yekha n'kusweka m'basi. Pomaliza anati, "Madamu, n'zoona. Makasu amawatsekeradi m'magalasi." ANambewe anamukokera pachifuwa n'kumuuza kuti ndiye wandiyankhira funso lako lomwe.

Bambo wa tayi uja anasunga mawu ake. Basi inayamba kuzungulira, chaka china pa boma, china ku Zemba, china kuno. Ikalephera kufika pasukulu inkaima pamsewu waukulu, ana n'kuipeza pa ngolo. Mukuganiza kuti aNambewe anapuma? Chaka china, kaya panasokonekera chiyani, malo anatigweranso ife kachiwiri motsatizana. ASakala anavina mu ofesi. ANambewe anakwera njinga kukauza osankhawo kuti alakwitsa, chaka chino ndi cha ana a ku Zemba. Ahedi sanawalankhule mpaka temu inatha, ati mayi uyu amalavula nyama ili kale m'kamwa. ANambewe ankangoti chimene tinkadana nacho chija sichikoma chifukwa chagwera ife.

Malo a mphunzitsi ankapezeka ulendo uliwonse wa sukulu yathu, ndipo ulendo uliwonse ankapeza chifukwa. Uyu ndi mphunzitsi watsopano, akaone, ali ndi zaka zambiri zophunzitsa kutsogoloku. Uyu ndi mwana wolumala mwendo, apite ndi amayi ake. Ine ndinapitako chifukwa anachita kundikankhira m'basi. Ankati iwo adzapita ulendo wotsatira. Atapuma ntchito miyendo inayamba kutupa, njinga anaipachika, ndipo ulendo wotsatirawo sunafike.

Koma malonje sanaphonyepo. Unasanduka mwambo wa sukulu yathu kuti ana akatsika basi ayambe apita kwa aNambewe. Ndipo nyumba imene sanaiponde ija anafika poidziwa kuposa ife amene tinalowamo. Mwana akati bwato lili kumanja, ankamudula, ati iwe, lili kumanzere ukangolowa, kapena alisuntha? Wina akaiwala chipinda cha mikanda ankamubweza kuti ayambirenso. Ndipo nthawi zonse ankamaliza ndi funso limodzi, loti khasu la kwa aMiti analipeza lili bwanji, mpini ulipo? Tsiku lina ndinawafunsa ngati sizimawawawa kuti sanapiteko. Anati zimawawa, iwe, ukuganiza kuti ndine mtengo? Kenaka ananena kuti komabe maso amene anatumiza kumeneko ndi ambiri kuposa awiri awo okalambawa.

Chaka chino unali ulendo wathu. Basi inabwera patangopita masabata ochepa chichitikire maliro, tisanazolowere n'komwe, ndipo ana ndinawaperekeza ndine. Pobwerako tinatsika pamsewu waukulu dzuwa litapendeka. Ndinali kalikiliki kuwerenga zikwama, ndipo potukula mutu ndinaona ana ali kale pamzere, alowa kanjira kopita kwa aNambewe. Palibe anawauza. Ine ndinangowatsatira.

Nyumba inali yotseka, loko ali lende. Achibale anali atagawana katundu, mazenera opanda makatani. Pabwalo udzu unali utayamba kumera m'mphepete, ndipo nkhuku za eni ake ena zinkapalasa pamene pankakhala ana. Pakhonde panalibe kanthu, koma pansi pankaoneka timaenje tinayi pamene miyendo ya kampando inadya dothi. Ana anakhala pansi moyang'ana pamenepo, monga mwa masiku onse. Anayang'anana. Ndiye kamtsikana kena kakang'ono kwambiri m'gulumo kanakonza diresi, kanagwada, n'kuyamba.

"Madamu, tinayenda bwino."

Kanaima, kudikira. Nkhuku inadutsa pakhonde. Mwana anandicheukira, ine ndinangogwedeza mutu kuti apitirize.

"Nyumba tinaipeza. Bwato lili kumanzere."

Kanaimanso.

"Khasu lilipo, madamu. Mpini ulipo."

Kanapitiriza choncho mpaka malonje onse anatha, ndipo pakutha pa chiganizo chilichonse kankaima pang'ono, kusiya mpata woti munthu avomere.